Oimba a Hip Hop Odziimira Paokha mu Mzinda wa Lusaka

Woimba wa hip hop wodziimira payekha ndi munthu amene amalemba, kujambula ndi kugulitsa nyimbo zake popanda kampani yaikulu yomulipirira kapena yomuuza zocita. Mu mzinda wa Lusaka oimba ambiri a nyimbo za mtundu uwu ali m'gulu limeneli. Ena amagwira nchito okha, ena ali m'timakampani tating'ono timene tinayambitsidwa ndi oimba anzao. Kudziimira kumeneku kunayamba cifukwa makampani amene kale anali kusindikiza ndi kugulitsa zimbale m'dziko la Zambia anali atatseka pamene nyimbo za rap zinali kuzika mizu. Zotsatira zake n'zakuti woimba wa mu Lusaka ali ndi ufulu waukulu pa zimene amaimba, koma mtolo wonse wa ndalama ndi mavuto onse a nchitoyi amazisenza yekha.

Kumene nyimbozi zinacokera

Hip hop inabadwira ku Bronx, mu mzinda wa New York ku America, pakati pa acinyamata akuda ndi a mabanja ocokera ku zisumbu za Caribbean. Tsiku limene ambiri amaliwerenga ngati ciyambi ndi 11 August 1973, pamene DJ Kool Herc analiza zimbale pa phwando ku nyumba ya nambala 1520 mu msewu wa Sedgwick Avenue. Mu 1979 nyimbo ya gulu la Sugarhill Gang yochedwa "Rapper's Delight" inafikitsa rap pa mawailesi a maiko ambiri. Cikhalidweci cili ndi nthambi zinai: kulakatula mau motsatira kugunda kwa ng'oma, kumene ndiko rap, kusakaniza zimbale, gule wa breakdance, ndi kujambula zithunzi pa zipupa. Mu Zambia nthambi imene inakula koposa zonse ndi rap.

Malonda a nyimbo asanafike a rap

M'zaka za m'ma 1970 dziko lino linali ndi malonda a nyimbo amphamvu. Ku Ndola kunali kampani ya Teal imene inali kusindikiza zimbale, komanso Zambia Music Parlour ya a Edward Khuzwayo, pamene mu Lusaka oimba anali kujambulira ku DB Studios. Capakati pa zaka zimenezo mtsogoleri woyamba wa dziko, a Kenneth Kaunda, analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za oimba a m'dziko muno. Magulu a Zamrock monga WITCH, Amanaz, Musi-O-Tunya ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi anachuka pa nthawi imeneyo, ndipo pambuyo pake kunabwera kalindula.

Mtengo wa mkuwa utagwa, cuma ca dziko cinalowa pansi. Anthu analeka kugula zimbale, makaseti okopedwa mwakuba anadzaza m'misika, ndipo matenda a Edzi anatenga oimba ambiri m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Kampani ya Teal inatseka kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990. M'mabawa ndi m'maminibasi a mu Lusaka munali kumveka rumba ya ku Zaire ndi nyimbo za ku South Africa. Mnyamata amene anayamba kulemba rap pa nthawi imeneyo analibe kampani yoti akagogodeko.

Zinthu zinayamba kusintha boma litalola mawailesi amene si a boma. Mu 1996 a Errol Hickey anatsegula Radio Phoenix, imene inali kuulutsa kucokera ku Zimco House mu msewu wa Cairo, ndipo inapatsa malo nyimbo zatsopano za m'dziko muno. Mu 1999 a Chisha Folotiya anakhazikitsa kampani ya Mondo Music, imene inatulutsa nyimbo za Black Muntu, Shatel, Joe Chibangu, JK ndi Daddy Zemus. Zemus, amene dzina lake lenileni linali Anthony Kafunya, anaonetsa ndi cimbale cake ca "Chibaba" kuti ragga ndi rap zingaimbidwe m'cinenero ca mumsewu anthu n'kugula. Iye anamwalira mu January 2001. Mondo nayo inafooka patapita zaka zocepa, pa nthawi imene ma CD okopedwa mwakuba anali kugulitsidwa paliponse, ndipo oimba anabwerera ku kudzidalira.

Mayadi ndi komboni

Mbiri ya rap mu Lusaka imatsatira mmene mzindawu unamangidwira. Kabulonga ndi Woodlands ndi madera a nyumba za mabwalo aakulu, amene anthu amawacha kumayadi. M'nthawi ya atsamunda Kabulonga anali malo a Azungu, ndipo masukulu amene lero ndi Kabulonga Boys ndi Kabulonga Girls anali kuchedwa Gilbert Rennie ndi Jean Rennie. Pafupi pomwepo pali makomboni a Kalingalinga ndi Mtendere, kumene kumacokera anthu ambiri ogwira nchito m'nyumba za kumayadi. Kabwata ndi Chelstone ali pakati pa magulu awiriwa: ndi madera a mabanja a ogwira nchito za boma ndi za m'makampani.

Ana a m'nyumba zimene zinali ndi makina oonetsera vidiyo, ndipo kenako DStv ndi Channel O imene inayamba mu 1997, ndiwo anali oyamba kuona oimba a ku America. Motero rap yoyambirira ya mu Lusaka inali ya Cingelezi, yotengera kalankhulidwe ka ku New York ndi Los Angeles, ndipo inali kumveka m'mipikisano ya luso ya m'masukulu a sekondale. Mmodzi mwa amene anaitengera patali njira imeneyi ndi Chisenga Katongo, wodziwika kuti C.R.I.S.I.S, amene anatulutsa cimbale ca "Officer in Charge" mu 2005 ndipo anali ndi kampani yakeyake ya Diamond Chain.

Koma anthu ambiri a mu Lusaka amakhala m'makomboni monga Matero, Chawama, Kanyama ndi Mandevu, ndipo cinenero cao ca tsiku ndi tsiku ndi Cinyanja ca m'tauni, cosakanikirana ndi Cinsenga, Cibemba ndi Cingelezi. Woimba wopanda kampani amadalira anthu olipira pakhomo la dansi, ndipo anthuwo amafuna kumva mau amene iwo eni amalankhula pa siteshoni ya basi ndi pa kantemba. Rap itayamba kulankhula cinenero cimeneci, nkhani zake nazo zinasintha: lendi, ulova, ngongole za kaloba, mowa, cikondi ndi kudzitama kwa munthu amene wacoka kutali. Lero oimba ambiri amasakaniza zinenero ziwiri kapena zitatu mu vesi imodzi, ndipo ana a kumayadi amaimba motsatira mau a mukomboni.

Timakampani ta oimba eni

Popeza panalibe kampani yaikulu, oimba amene anayamba kuchuka anasanduka makampani iwo eni. Mwila Musonda, wodziwika kuti Slapdee, anatulutsa cimbale cake coyamba ca "Asembe Isebenza" mu 2006, ca rap ya m'Cinyanja ca mu Lusaka. Kampani yake ya XYZ Entertainment inalera oimba angapo, kuphatikizapo Bobby East.

Ku cigawo ca Copperbelt, Macky 2 anatsogolera Alpha Entertainments ndi gulu la Kopala Swag, limene linali kuimba m'Cibemba ca kumigodi. Mng'ono wake, Kondwani Kaira, ndiye Chef 187. Mpikisano wa mau pakati pa Slapdee ndi Macky 2, umene oimba amaucha beef, unagawa omvera pakati pa Lusaka ndi Kopala kwa zaka zingapo. Unabweretsa mau onyozana, koma unacititsanso kuti anthu amene kale sanali kulabadira rap ayambe kutsatira vesi iliyonse yatsopano.

Gulu la Zone Fam, la Jay Rox, Dope G, Thugga ndi Yung Verbal, linakulira pansi pa Slam Dunk Records ya Duncan Sodala, wodziwika kuti The Holstar. Mu 2013 linalandira mphoto ya Channel O cifukwa ca vidiyo ya nyimbo ya "Contolola", ndipo dzina la rap ya mu Lusaka linamveka kunja kwa dziko. Pambuyo pake Jay Rox anakhala ndi kampani yake ya Headphone Music. Ku mbali ya nyimbo zauzimu, Pompi ndi Mag44 anagwirira nchito pamodzi ku Lota House, ndipo cimbale ca Pompi ca "Mizu" ca mu 2012 cinafika ngakhale kwa anthu amene sapita ku chalichi. Jae Cash ndi Dizmo anatsata njira yomweyo ndi Apa Ili So Entertainments.

Timakampani totere nthawi zambiri timakhala situdiyo imodzi, wokonza nyimbo mmodzi kapena awiri, ndi dzina la woimba wamkulu limene limakoka anthu. Mphamvu yake n'njakuti zosankha zimacitika msanga ndipo palibe wa kunja woletsa. Kufooka kwake n'kwakuti zonse zimadalira munthu mmodzi, ndipo mapangano ambiri amakhala a pakamwa.

Azimai mu rap

Azimai akhala ocepa m'nyimbozi, ndipo ambiri a iwo anadzitsegulira okha njira. Clementina Mulenga, wodziwika kuti Cleo Ice Queen, anakhala waciwiri pa mpikisano wa Big Brother Africa mu 2013, ndipo kuchuka kumeneko kunathandiza nyimbo zake, monga mmene kunathandizira Macky 2 amene anakhala wacitatu mu 2014. Mu 2022 Cleo anatulutsa nyimbo pansi pa Def Jam Africa, nthambi ya kampani yaikulu ya ku America. Bombshell anatulutsa cimbale ca "Mfumu Kadzi", ndipo pambuyo pao panabwera Natasha Chansa ndi Xaven wa ku Copperbelt.

Mmene nyimbo imapangidwira

Cimene cinatheketsa kudziimira ndi kuchipa kwa zipangizo. Kale kujambula kunali kufuna gulu la oimba, nyumba yaikulu ndi makina odula. Kuyambira m'zaka za m'ma 2000 kompyuta imodzi yokhala ndi pulogalamu monga FL Studio, maikolofoni ndi masipika awiri zakhala zokwanira. Masitudiyo ambiri a mu Lusaka ali m'cipinda cogona, m'galaja kapena m'kanyumba ka anchito kuseri kwa nyumba yaikulu, makoma ake atakutidwa ndi siponji kuti phokoso la panja lisalowe.

Nchito imayamba ndi biti, ndiko kuti ng'oma ndi zoimbira zimene mau adzakwerapo. Woimba amaigula kwa wokonza nyimbo, amene amachedwa producer, kapena amagwirizana naye kuti adzagawana phindu. Kenako amalemba mavesi, kawirikawiri a mizere 16, ndi kolasi imene nthawi zambiri amaitanira mnzake wa mau okoma. Akajambula, mau ndi zoimbira zimalinganizidwa, nchito imene imachedwa mixing ndi mastering. Pambuyo pake pamafunika cithunzi ca pacikuto ndi vidiyo, imene nthawi zambiri imadya ndalama zoculuka kuposa nyimbo yeniyeniyo. Zonsezi woimba wodziimira amalipira yekha asanalandire ngwee ngakhale imodzi, n'cifukwa cake ambiri ali ndi nchito ina ya masana kapena kamalonda kapadera.

Nchito yonseyi imadalira magetsi. M'zaka za 2015, 2019 ndi 2024 madzi atacepa mu damu la Kariba, magetsi anali kuzima kwa maola ambiri, ndipo mu 2024 madera ena anali kukhala mu mdima kupitirira theka la tsiku. Masitudiyo ang'onoang'ono opanda jenereta kapena sola anali kujambula usiku wokhawokha kapena kuimiratu.

Kumene ndalama zimacokera

Kugulitsa nyimbo yeniyeniyo sikunakhalepo gwero lalikulu la ndalama kwa oimba a rap m'dziko muno. M'nthawi ya ma CD, makope akuba anali kufika ku City Market ndi ku Soweto patangopita masiku ocepa cimbale citatuluka. Mafoni ataculuka, nyimbo zinayamba kuyenda pa Bluetooth, pa memory card ndi pa masamba a pa intaneti opereka nyimbo kwaulere. Oimba ambiri anasiya kulimbana nazo, nayamba kutumiza okha nyimbo zao kwaulere kuti dzina lifalikire.

Ndalama zenizeni zimacokera ku madansi a m'makalabu, ku zikondwerero zazikulu za ku Showgrounds ndi ku bwalo la Woodlands Stadium, ndi ku mapangano otsatsa malonda a makampani a mafoni, a zakumwa ndi mabanki. Ena amagulitsa zovala zolembedwa dzina lao, ena amalipiritsa vesi imene aika mu nyimbo ya mnzao. Kuopsa kodalira madansi kunaoneka mu March 2020, pamene boma linatseka mabawa ndi makalabu cifukwa ca matenda a Covid-19, ndipo oimba anakhala miyezi yambiri opanda poimbira.

Masiku ano nyimbo zimaikidwa pa YouTube, Boomplay, Audiomack, Apple Music ndi Spotify, imene inafika mu Zambia mu February 2021. Woimba safunikanso kampani kuti afike kumeneko: amalipira kampani yogawa nyimbo monga DistroKid kapena TuneCore, ndipo nyimbo yake imamveka ku London tsiku lomwelo limene yamveka ku Kabwata. Komabe malipiro a nyimbo ikamvedwa kamodzi ndi ocepa kwambiri, ndipo amatsika pamene omvera ali m'dziko limene anthu ocepa amalipira mwezi ndi mwezi. N'cifukwa cake anthu a ku Zambia okhala kunja ndi ofunika kwambiri kwa oimbawa.

Lamulo la umwini

Nyimbo zimatetezedwa ndi lamulo la Copyright and Performance Rights Act la mu 1994. Mwa lamuloli umwini wa wolemba nyimbo umakhalapo moyo wake wonse ndi zaka 50 atamwalira. Lamuloli linakonzedwa mu 2010, ndipo mu 2013 boma linayamba kumata cizindikiro ca hologram pa ma CD ndi ma DVD enieni, ngakhale kuti pa nthawiyo malonda anali atayamba kale kusamukira pa mafoni. Bungwe la Zambia Music Copyright Protection Society, kapena kuti ZAMCOPS, linakhazikitsidwa mu 1996 kuti lizitolera ndalama kwa mawailesi, mahotela, mabawa ndi ena ogwiritsa nchito nyimbo poyera, n'kuzigawa kwa eni ake. Woimba amene sanalembetse nyimbo zake kumeneko salandira gawo lake. Palinso National Arts Council, yokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1994, ndi bungwe la oimba la Zambia Association of Musicians.

Mu nyimbo iliyonse muli umwini wa mitundu iwiri. Woyamba ndi wa mau ndi maimbidwe, umene ndi wa wolemba ndi wopanga biti. Waciwiri ndi wa cojambulidwa ceniceni, cimene cimachedwa master, ndipo kawirikawiri umakhala wa amene analipira situdiyo. Mikangano yambiri pakati pa oimba, okonza nyimbo ndi timakampani imabuka cifukwa anthu sanalembe kuti ndani ali ndi gawo lanji nyimbo isanatuluke. Nyimbo ikalephera palibe amafunsa. Ikachuka, aliyense amakumbukira pangano mwa njira yake.

Ufulu wolankhula ndi ndale

Woimba wopanda bwana angathe kunena zimene kampani ikanaopa kutulutsa, koma alibenso womuchinjiriza. Citsanzo codziwika ndi Fumba Chama, woimba ndi wolakatula wa ku Copperbelt wochedwa Pilato. Mu June 2015 anamangidwa cifukwa ca nyimbo yonyogodola mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, a Edgar Lungu, koma boma linausiya mlanduwo. Mu September 2017 anamangidwa pamodzi ndi ena pa cionetsero ca kunja kwa Nyumba ya Malamulo cotsutsa kugula galimoto 42 zozimira moto pa mtengo wa madola 42 miliyoni. Nyimbo yake ya "Koswe Mumpoto" itatuluka analandira mau omuopseza, ndipo mu January 2018 anathawira ku South Africa. Atabwerera mu May caka comweco anamangidwa pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, ndipo mu December bwalo la milandu linamupeza wosalakwa pamodzi ndi anzake. Boma litasintha mu 2021 anapatsidwa udindo wa mlembi wamkulu mu unduna woona za acinyamata, masewera ndi luso. Mu December 2022 lamulo lopanga mlandu wa kunyoza mtsogoleri wa dziko linacotsedwa.

Ndale zimalowanso m'nyimbo kudzera m'thumba. Nyengo ya masankho ndi imodzi mwa nthawi zimene oimba amalandira ndalama zambiri, cifukwa zipani zimagula nyimbo za kampeni ndi kulipira oimba pa misonkhano. Oimba ena amene anacita zimenezi mu 2021 anakumana ndi mkwiyo wa owatsatira masankho atatha. Woimba amene alibe malipiro a mwezi amavutika kukana ndalama zotere, ngakhale akudziwa kuti zingamutayitse omvera.

Ulendo wa Sampa the Great

Woimba wa rap wa ku Zambia amene wafika patali koposa pa dziko lapansi ndi Sampa Tembo, wodziwika kuti Sampa the Great. Anabadwira ku Ndola mu 1993, anakulira ku Botswana, ndipo anayamba kuchuka ku Australia kumene anapita kukaphunzira luso lojambula mau. Anatulutsa "The Great Mixtape" mu 2015. Zimbale zake za "Birds and the BEE9" ya mu 2017 ndi "The Return" ya mu 2019 zonse zinalandira mphoto ya Australian Music Prize, ndipo iye anakhala woyamba kuilandira kawiri.

Mu 2020, m'nthawi ya Covid-19, anabwerera kwao. Cimbale cake ca mu 2022 ca "As Above, So Below" anacikonza ndi Mag44 ndi oimba a m'dziko muno. Nyimbo ya "Never Forget", mmene muli Chef 187, Tio Nason ndi mng'ono wake Mwanjé, inatenga maimbidwe a Zamrock ndipo inagwiritsidwa nchito potsatsa filimu ya "Black Panther: Wakanda Forever". Caka comweco anaimba pa zikondwerero za Coachella ku America ndi Glastonbury ku England ali ndi gulu la oimba a ku Zambia. Pa cimbale comweco anaimbanso ndi gulu la WITCH.

Phunziro la Zamrock

Kubwereranso kwa WITCH kukuonetsa cifukwa cake nkhani ya umwini ndi yaikulu kwa oimba a lero. Nyimbo za Zamrock zinaiwalika kwa zaka pafupifupi 30, mpaka kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inayamba kuzisindikizanso, kuphatikizapo mtolo wa zimbale za WITCH mu 2012. A Emmanuel "Jagari" Chanda, amene anali atasiya kuimba, anabwerera pa nsanja m'maiko a ku Ulaya ndi ku America, ndipo gululo linatulutsa cimbale catsopano ca "Zango" mu 2023. Oimba ambiri a m'nthawi yao anali atamwalira kale phindulo lisanafike.

Nyimbo zimene zikujambulidwa lero m'tizipinda ta ku Kabulonga, Chelstone, Kabwata ndi Matero nazo zingadzafunidwe zaka 30 zikubwerazo. Amene adzapindule ndi woimba kapena banja limene linasunga master, linalemba pangano ndi wopanga biti, ndipo linalembetsa nyimbozo ku ZAMCOPS.